Kagalu kotupa mimba sikuti kakhuta

Ena ogulitsa tiagalu amanyadira mimba yotukumuka, ati kagalu n'konenepa. Kawirikawiri zimenezo ndi njoka za m'mimba. Kagalu kamazitenga kwa make kasanabadwe n'komwe, zina poyamwa.

Mankhwala a njoka, monga pyrantel, amayambidwa kagalu kakakwanitsa masabata 2, n'kumabwereza pakatha masabata 2 alionse mpaka kafike masabata 8. Make nayenso amwetsedwe. Mlingo wake umatengera kulemera kwa kagalu, choncho ndi bwino kufunsa alangizi a ziweto.

Woumira pamenepa akudzibera yekha. Kagalu kakafa patangotha sabata, wogulayo sabweranso, ndipo amauza anzake onse. Choopsa n'chakuti mazira a njokazi amatuluka m'chimbudzi cha kagalu n'kudwalitsa ana osewera padothi pakhomo pa kasitomala yemweyo.