Jakisoni si mfumu ya mankhwala

Imani pakhomo la chipatala chilichonse m'tauni muno, simuchedwa kumva wina akutuluka akung'ung'udza: "Angondipatsa timapilitsi basi, osandibaya n'komwe." Kwa ambiri a ife, dokotala amene sadatulutse singano ndiye kuti sadagwire ntchito. Maganizo amenewa, abale, ndi amene akunenepetsa madokotala achinyengo m'misika ndi m'makwalala.

Zoona zake n'zakuti mankhwala ali ndi njira zingapo zolowera m'thupi, ndipo njira iliyonse ili ndi chifukwa chake. Akumwa amadutsa m'matumbo ndi m'chiwindi asanayende thupi lonse, n'chifukwa chake amatenga kanthawi. Obaya pamnofu amalowa msangako, pomwe a diripi amathiridwa mumtsempha n'kufika m'magazi nthawi yomweyo. Wodwala mphumu amapopera mankhwala kuti apite kumapapo kumene kuli vuto. Insulin wa odwala shuga samwedwa chifukwa m'mimba angagayidwe ngati ndiwo.

Tengani malungo. Mu 1993 dziko lino lidasiya chloroquine n'kuyamba Fansidar, ndipo mu 2007 lidasamukira ku LA. Onsewa ndi akumwa. Munthu wamkulu amamwa mapilitsi 24 a LA m'masiku atatu, m'mawa ndi madzulo, ndipo amalowa bwino m'thupi ngati wadya chakudya cha mafuta pang'ono kapena wamwa mkaka. Jakisoni wa artesunate ndi wa amene malungo amukulira: wakomoka, akuphupha kapena akusanza chilichonse. Koma ngakhale iyeyo akatsitsimuka amamalizira ndi LA yemweyo. Nanga mapilitsi akadakhala opanda mphamvu, bwenzi akumalizira iwo?

Kolera ya 2022 mpaka 2023, imene idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, idatiphunzitsanso zomwezi. Odwala ambiri amachira ndi Thanzi ORS wakumwa. Diripi ndi ya amene madzi atheratu m'thupi.

Tsono singano ili ndi mtengo wake. Ikabayidwa kwa anthu awiri imatha kufalitsa HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Ikalakwika malo imabweretsa chithupsa, mwinanso kupundula mwendo ikakhudza mtsempha waukulu wa pathako. Ndiponso mankhwala akalowa m'magazi sabwezeka. Ngati thupi lawakana, wakuseri kwa golosale uja alibe chokupulumutsirani.

Tikudziwa kuti wageni safuna kutseka benchi masiku atatu, ndipo mwana wasukulu amaopa mayeso. Tikudziwanso kuti mizere ya kuchipatala ndi yaitali ndipo mankhwala amasowa. Apa boma lisathawe udindo wake, pakuti m'mene mwasowa mankhwala ndi m'mene achinyengo amalowera. Bungwe loona za mankhwala la PMRA nalo liyende m'misikamu.

Koma nafenso tisinthe. M'malo mokakamiza dokotala kuti atibaye, timufunse: ndimwe kangati, ndidye kaye kapena ayi, nanga ndikasanza nditani? Paja safunsa adadya phula.