Timawawerengera Ndalama, Koma Sitiwamvetsera

Anzanga a m'gulu muno, sabata ino ndabwera nditakwiya, ndiye mawu ena akawawa mundikhululukire. Lero sindikulimbana ndi andale. Ndikulimbana ndi inu ndi ine, ife amene timadzitcha okonda zolembalemba.

Ine ndimagulitsa nsomba zouma pamsika wa Chikweo kuno ku Machinga, matemba ndi milamba ya ku Chiuta. Pali bambo ena achikulire amene akhala akugula pabenchi yanga kwa zaka zambiri. Dzina sinditchula. Anthu amangowaitana kuti Che Msilikali, ena mwaulemu, ena mwachipongwe. Tsiku lina tayala la galimoto ya matola linaphulika chapafupi ndi pomwe timakhala. Tonse tinadzidzimuka, koma iwo anadzigwetsa pansi chafufumimba, nsomba zomwe anali atangogula n'kumwazika m'fumbi. Anyamata a kabaza anaseka mpaka misozi. Wina anakuwa, "Dzukani madala, nkhondo inatha kalekale!" Inenso, ndisaname, ndinaseka.

Atadzuka anadzisasa fumbi osayang'ana munthu. Manyazi anandigwira, ndinawapatsa mulu wina. Polandira anangoti, "Mwanangu, panjanji ya Nacala wochedwa kugona pansi sitinkabwerera naye." Basi, n'kumapita. Usiku umenewo sindinapeze tulo. Zaka zonsezi ndakhala ndikulandira ndalama m'manja mwawo, ndimadziwa ndi mtundu womwe wa nsomba umene amakonda, koma sindinawafunsepo n'kamodzi komwe kuti kumene anapitako anakaona zotani.

Timakonda kunena kuti Malawi ndi dziko la mtendere, nkhondo sitiidziwa. Mawu amenewa ndi oona mbali imodzi yokha. Midzi yathu sinatenthedwe monga ya anzathu ku Mozambique, koma pakati pathu pali anthu amene nkhondo anaiona ndi maso. Njanji yochokera ku Nkaya, kudutsa pa Liwonde mpaka Nayuchi, imalowa ku Mozambique n'kupitirira ku Cuamba mpaka kudoko la Nacala. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inatseka njira imeneyi, katundu wa dziko lino n'kumazungulira kutali ku Durban pamtengo wokwera. Mu 1987 Malawi anatumiza asilikali kukalondera njanjiyo pamodzi ndi anthu oikonza, ndipo anakhalako mpaka nkhondo itatha ndi pangano la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992. Ena anafera komweko, ena anabwera olumala. Nayuchi ndi m'boma lathu lomwe lino. Koma ine mpaka kumaliza Fomu 4 ndinaloweza za Bismarck ndi Hitler, za anthu amenewa sindinamvepo m'kalasi.

Mwina mukuti zimenezo ndi zakale. Chabwino, nanga za dzulodzuloli? Mu 2013 asilikali athu analowa m'gulu lapadera la United Nations kum'mawa kwa Congo, pamodzi ndi a ku Tanzania ndi South Africa. Gulu limeneli silinali longoyang'anira mtendere, linapatsidwa mphamvu zomenya nkhondo. Mu Novembala 2018, m'nkhalango za kufupi ndi Beni, asilikali athu asanu ndi mmodzi anaphedwa polimbana ndi zigawenga za ADF. Mmodzi mwa iwo anali Private Chancy Chitete. Iyeyu anaona msilikali wa ku Tanzania, Corporal Ali Khamis Omary, atavulala zipolopolo zikugwa, anamukokera pobisika, ndipo anaomberedwa ali mkati momupatsa chithandizo. Omary anachira. Mu Meyi 2019 ku New York, United Nations inapereka kwa banja la Chitete mendulo ya Captain Mbaye Diagne, mendulo yapamwamba kwambiri ya kulimba mtima kwa osungitsa mtendere. Tsopano ndikufunseni, musathamangire pa Google: ndi angati m'gulu muno amene dzina limeneli amalidziwa? Osewera a Manchester United timawatchula onse mpaka a pabenchi omwe.

Sizinathere pomwepo. Kumapeto kwa 2023 SADC inatumizanso asilikali a mayiko atatu omwewa ku Congo. Mu Januwale 2025, pamene M23 inkayandikira mzinda wa Goma, asilikali athu atatu anaphedwa. Mu Febuluwale a Lazarus Chakwera, ali pulezidenti, analamula kuti otsalawo akonzekere kubwerera kumudzi, ndipo pa 13 Malichi SADC inathetsa ntchitoyo. Anyamata ndi atsikana amenewa ali kuno tsopano. Timakwera nawo minibasi imodzi, timaima nawo pamzere umodzi kubanki, timapemphera nawo kumzikiti ndi kutchalitchi.

Ndiye tamverani mmene timayankhulira za iwo. Tikamva kuti mwana wa uje wapita ku Congo timati watola chikwama. Akabwera, funso loyamba ndi lakuti wabwera ndi zingati. Timawerenga malata a nyumba yomwe akumanga, timayang'ana galimoto. Abale amandanda pakhomo, uyu fizi, uyu feteleza, uyu mpamba wa geni. Ife a pamsika, tinene zoona, tikaona mkazi wake mtengo wa tomato umakwera pompo. Palibe amene amafunsa ngati usiku akugona. Munthu wachoka kumene mabomba amagwa kuchokera kuphiri osaona n'komwe amene wawaponya, kumene mnzake amene anadya naye m'mawa madzulo anamunyamula pamachira, ife n'kumamuona ngati banki yoyenda. Akayamba kumwa mopyola muyeso timati ndalama zamuzunguza. Akamalankhula yekha timati anamulodza, kaya ankasuta chamba kumeneko. Akadzigwetsa pansi tayala litaphulika, timaseka.

Ndikudziwa zomwe ena mulembe m'munsimu, ndiye ndiyankhiretu.

Ena muti, "Anasankha okha ntchito imeneyi, ndipo amalipidwa." Inde amalipidwa, ndipo ayenera kulipidwa. Namwino nayenso amalipidwa, koma akatiuza zomwe anaona nthawi ya kolera sitimutseka pakamwa ndi malipiro ake. Komanso kusankha kwake n'kotani? Tonse timaona khwimbi la achinyamata limene limakhamukira kumabwalo akamva kuti usilikali ukulemba. Ambiri ndi ana a alimi ndi a ife ogulitsa nsomba, amene ali ndi setifiketi ya MSCE koma ntchito kulibe. Chinanso, anthu amenewa amapita atasokerera mbendera yathu paphewa. Amapita m'dzina la ine ndi inu. Mu Januwale 2025 pa Facebook panadzaza akazembe a nkhondo a pafoni, ena akuti asilikali abwere, ena akuti n'amantha akabwera. Ambiri mwa ife tinkalemba ndemanga titakhuta nsima, mfuti sitinaimvepo kulira. Mtundu umene sumvetsera asilikali ake sungathe kuweruza ngati kuli koyenera kuwatumizanso, ndipo tsiku lina adzatumizidwanso.

Ena muti, "Asilikali analumbira kusunga chinsinsi." Zoona, ndipo palibe akufuna mapu a nkhondo kapena chiwerengero cha zida. Chimene bambo aja anandiuza masiku otsatira sichinali chinsinsi cha boma. Anandiuza kuti nthawi zina ankayenda wapansi kutsogolo kwa sitima, pang'onopang'ono, maso ali pamiyala ya njanji, kuyang'ana pamene paoneka ngati pakumbidwa chatsopano. Mpaka lero amayenda atazolika, maso pansi. Kuno anthu amati madala aja amafunafuna ndalama zotayika. Mwaona? Ngakhale mayendedwe awo tawatanthauzira ndi ndalama. Nkhani ngati imeneyi, ya mantha, ya ludzu, ya kalata yomwe sinafike kwa mkazi, ikuphwanya lamulo liti? Makamaka kwa amene anapuma kale?

Ena muti, "Musatose mabala, asiyeni aiwale." Mawu awa ndimawalemekeza kuposa enawo, chifukwa wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Wosafuna kuyankhula asakakamizidwe, ndipo ife si madokotala. Vuto lomwe achipatala amalitcha PTSD, la kulota zoopsa, kudzidzimuka ndi kupsa mtima msanga, limafuna akatswiri ngati a ku Zomba Mental Hospital kapena a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Koma tisadzinamize kuti kukhala chete kwathu ndi chifundo. Nthawi zambiri ndi ulesi chabe. Munthu saiwala chifukwa choti palibe womufunsa. Zimene sakunenazo zimatulukira kwina, m'botolo la kachasu, m'chibakera, m'maloto amene amadzutsa nyumba yonse. Afunseni akazi awo ndi ana awo. Amenewonso ali ndi nkhondo yawo yoti afotokoze.

Ndipo wina ati, "Asilikali si angelo." Sindinanene kuti ndi angelo. Kumvetsera munthu si kumuyimbira nyimbo zotamanda. Ngati pali zoipa zomwe anachita kapena kuona anzawo akuchita, ngati anatumizidwa ndi zida zosakwanira, ngati anagona ndi njala, nazonso zilembedwe. Ndakatulo zodzaza ndi "ngwazi zathu" ndi "magazi a mikango" zilipo kale zambiri, ndipo sizitiuza kanthu. Wolemba ndakatulo zotere sanakhalepo pansi ndi msilikali ngakhale ola limodzi.

Chimene chikundiopsa n'chakuti tinazichitapo kale. Agogo athu a King's African Rifles anamenya nkhondo ku Ethiopia ndi ku Burma. Moyale Barracks ya ku Mzuzu inatenga dzina lake kumalo a kumalire a Kenya ndi Ethiopia kumene anamenyako mu 1940. Ku Zomba kuli chipilala chawo, pamwamba pali wotchi. Koma mawu awo ali kuti? Ambiri anapita nawo kumanda. Zochepa zomwe tili nazo za nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ija ankaitcha ya Chiwaya, zinapulumuka chifukwa mphunzitsi wina wa ku America, Melvin Page, anayenda m'midzi m'zaka za m'ma 1970 kufunsa okalamba, n'kulemba buku lotchedwa The Chiwaya War. Tiyamike kuti anatero. Komatu bukulo lili m'Chingerezi, ndipo adzukulu ambiri a anthu amene anayankhula mmenemo sangaliwerenge. Kodi a Nacala ndi a ku Congo nawonso tidikire mlendo wina adzawafunse? Amene anali ndi zaka 22 mu 1987 pano afika m'ma 60. Nthawi sikutidikira.

Chaka chilichonse mu Novembala akuluakulu amavala kaduwa kofiira pachifuwa, amaika nkhata pazipilala ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, lipenga limalira, anthu amakhala chete mphindi ziwiri. Ndi mwambo wabwino, sindikuunyoza. Koma kulemekeza wakufa n'kosavuta, poti wakufa sapempha kanthu ndipo sanena zotichititsa manyazi. Wamoyo ndiye wovuta. Amabwereza nkhani imodzimodzi, amalira pakati pa chiganizo, nthawi zina amanunkha mowa. Ameneyo ndi amene tikumuzemba.

Tsono pempho langa ndi ili. M'gulu muno tilimo a ku Chitipa mpaka ku Nsanje, ndipo aliyense akuwerenga izi pafoni imene imatha kujambula mawu. M'mudzi mwanu kapena m'tauni mwanu muli msilikali wopuma, kaya ndi malume anu, kaya ndi mlonda wa pashopu. Ngati simukumudziwa, funsani a bungwe la asilikali opuma la VELOM. Pitani mwaulemu, musapite chimanjamanja, ndipo pemphani chilolezo. Akakana, thokozani n'kubwerera. Akalola, musayambe ndi funso lachibwana lija lakuti munapha angati. Funsani kuti ankadya chiyani, ankagona pati, mnzake wapamtima anali ndani, tsiku lobwerera kumudzi linali lotani. Ayankhule m'chinenero chake, Chiyao, Chilomwe, Chitumbuka, Chisena, Chichewa. Lembani monga wanenera, osathira maluwa anu. Mukamaliza kamuwerengereni, achotse zomwe sakufuna, ndipo dzina libisike ngati watero. Kenako tibweretsereni muno. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwina tsiku loyamba mudzangocheza za mvula.

Ine ndayamba kale. Msika ukazizira chakumadzulo, bambo aja amakhala padengu lovundikira pafupi ndi benchi yanga, ine n'kumalemba m'kope lomwe ndimalembamo angongole. Tafika masamba 11. Sabata yatha mmodzi wa anyamata a kabaza aja anaima chapatali kumvetsera, mpaka kasitomala anamuthawa. Atamaliza bambowo, mnyamata uja anawanyamula panjinga mpaka kwawo osawalipiritsa. Ndikadzawawerengera zomwe ndalemba, iwo akavomera, ndidzaziika muno. Inu mudzabweretsa za ndani?