MLENDO NDI MAME: PHUNZIRO LA KU THYOLO

Boma la Thyolo limatchuka ndi minda ya tiyi, koma pali chuma china chimene bomali linapatsa dziko lino chimene atsogoleri ambiri amachiiwala. Chumacho ndi njira yoyendetsera ntchito ya chithandizo mwa kufunsa, kulemba ndi kuwerengera. Anthu ambiri a m'dera la Mfumu Kapichi ndi madera oyandikana nalo ali moyo lero chifukwa cha njira imeneyi, choncho yense wopatsidwa udindo pa chitukuko ayenera kuimvetsa bwino.

Bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières linafika ku Thyolo m'chaka cha 1997, pamene Edzi ndi chifuwa chachikulu zinali kutha anthu m'midzi ndi m'makomboni a m'maesiteti. Bungweli, mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo, silinangogawa mankhwala ayi. Wodwala aliyense ankalembedwa m'kaundula, ndipo ogwira ntchito ankalondola amene wachira, amene wamwalira ndi amene waleka kubwera, nafunsa chifukwa chake. Kafukufuku amene Dr Rony Zachariah ndi anzake anachita m'bomali anaonetsa kuti odwala chifuwa chachikulu amene alinso ndi kachirombo ka HIV akamamwa mankhwala otsika mtengo otchedwa bakitirimu, imfa zimachepa. Zimene anapezazo zinathandiza Boma kukhazikitsa njirayi m'zipatala za dziko lonse.

M'chaka cha 2003 mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa pa chipatala chachikulu cha Thyolo. Pomwepo panabuka bvuto lina. Madokotala anali ochepa, odwala anali ochuluka, ndipo munthu wothyola tiyi wochokera kwa Kapichi ankataya malipiro a tsiku lathunthu ndi ndalama zoyendera kuti akaime pa mzere pa boma. Akanakhala ena akanangoti anthu a kumudzi ndi osamva. Koma oyendetsa ntchitoyi anayang'ana m'kaundula, namva madandaulo a odwala, naona kuti cholakwika chinali mtunda ndi kuchepa kwa manja. Motero anatsitsira ntchitoyo ku zipatala zazing'ono, anaphunzitsa anamwino kuyambitsa mankhwala, ndipo ntchito yoyeza magazi ndi uphungu anaipereka kwa alangizi a zaumoyo ndi aphungu ophunzitsidwa. Pofika 2007, anthu 80 mwa 100 aliwonse ofunika mankhwalawo mwamsanga m'bomali anali kuwalandira.

Sanalekere pomwepo. M'chaka cha 2012 anatengera nzeru imene inayamba ku Tete m'dziko la Mozambique mu 2008, yakuti odwala okhala moyandikana apange gulu la anthu osaposa asanu ndi mmodzi, ndipo mmodzi azikatengera anzake onse mankhwala mosinthana. Nzeruyo anayamba aiyesa kaye, kuiwerengera, kenaka nkuifalitsa. Pomaliza bungwelo linasiya ntchitoyo m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo, ndipo mankhwala sanaleke kuperekedwa chifukwa eni dziko anali ataiphunzira kale.

Akuluakulu anati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma anatinso mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mau onse awiriwa ndi oona. Bungwe lililonse lobweretsa chithandizo lili ndi tsiku lake lochoka. Chimene chimatsala ndi luso, kaundula ndi dongosolo limene lasiyidwa m'manja mwa eni mudzi. Kumene izi sizinakonzedwe, kumapezeka mijigo yakufa imene palibe wodziwa kuikonza, mbeu za mitengo zouma m'nazale, ndi chikwangwani chongotchula dzina la ntchito imene inatha kalekale.

Namondwe wa Freddy, amene anagwa m'mwezi wa Marichi 2023, anapha anthu oposa 600 ndi kusiya oposa 500,000 opanda pokhala m'chigawo cha kummwera, ndipo Thyolo linali limodzi mwa maboma okhudzidwa. Ngozi zotere zidzabweranso. Boma la Thyolo lili ndi anthu oposa 700,000 malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo ambiri amalima timinda tating'ono m'malo otsetsereka pakati pa maesiteti. Tsiku la ngozi si tsiku loyamba kufunsa kuti m'mudzi muli mabanja angati, okalamba ali kuti, kapena mlatho woduka msanga ndi uti. Zimenezi ziyenera kukhala zolembedwa kale m'manja mwa makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera, ndiponso ku ofesi ya Bwanamkubwa.

Choncho mlangizi, kalaliki wa ku khonsolo, mfumu ndi wapampando wa nthambi ya chipani ayenera kufunsa mafunso atatu ntchito iliyonse isanayambe. Loyamba, kodi eni ake anafunsidwa, kapena ntchitoyo inaganiziridwa mu ofesi ku Lilongwe? Lachiwiri, kodi nchiyani chidzawerengedwe kuti anthu adziwe ngati ntchitoyo yapindula? Lachitatu, kodi ndani adzaiyendetsa ndalama za mlendo zikadzatha? Ntchito yolephera kuyankha mafunso amenewa isabvomerezedwe, ngakhale itabwera ndi magalimoto atsopano.

Kaundula wabodza ndi woipa kuposa kusowa kaundula. Mtsogoleri wolemba abale ake pa mndandanda wa olandira chimanga, kapena wosankha anthu poyang'ana mbali imene ali, amalanda chakudya m'kamwa mwa amasiye, ndiponso amasokeretsa onse odzakonza mapulani potsata ziwerengero zakezo. Wogwira ntchito m'Boma wobisa kuti ntchito yalephera poopa kudzudzulidwa, amachititsa kuti cholakwa chomwecho chidzabwerezedwe m'boma lina.

Sukulu ya ukachenjede ya Malawi University of Science and Technology, imene inatsegulidwa pa Ndata m'boma lomweli m'chaka cha 2014, ili pafupi. Khonsolo ya Thyolo ingachite bwino kuitana aphunzitsi ndi ophunzira ake kuti azifufuza ntchito za chitukuko za kwa Kapichi, ndipo zimene apeza zizikawerengedwa m'Chichewa pa msonkhano wa m'mudzi, pamaso pa anthu amene ntchitozo zinabwerera. Safunsa anadya phula. Thyolo linafunsa kale pa nkhani ya matenda, ndipo linapulumutsa miyoyo. Liyenera kufunsanso chimodzimodzi pa madzi, pa njala ndi pa ngozi.