Mphunzitsi Watsopano Akudzilera Yekha ku Vubwi, Boma Likudziombera M'manja

Abale anga a ku Vubwi, Katete ndi Sinda, makamaka inu makolo amene mumadzutsa ana m'mamawa kuti apite kusukulu, khalani pansi timvane.

Akuluakulu a boma akakwera pa nsanja, nambala imene imatuluka pakamwa pao ndi imodzi: 30,496, aphunzitsi amene analembedwa ntchito mu 2022. Sitikukana, analembedwadi, ndipo ena mwa iwo ndi ana athu. Koma mwana uja atalandira kalata n'kukwera thiraki kupita kumudzi, ndani anamutsatira kukaona mmene akuphunzirira ntchito?

Pali mtsikana wina wa m'gulu lomweli. Dzina sititchula, mukudziwa nokha zimene zimagwera wantchito wa boma akaoneka pa peji ya otsutsa. Anamutumiza pa sukulu ina ya kuno ku Vubwi, chakumalire. Sukuluyo inalibe nambala yolembera mayeso ya Examinations Council of Zambia. Nthawi ya mayeso a Giredi 9 ikafika, ana ankasenza ufa, mapoto ndi mphasa kukagona m'makalasi a sukulu ina. Atsikana ena makolo ankawaletsa kupita, ndipo simungawadzudzule makolowo.

A hedi anaganiza zopempha kuti sukulu ilembetsedwe. Kuti zitheke, oyendera masukulu amabwera kudzaona zonse: chipinda cholimba chosungiramo mapepala a mayeso, madesiki, malejisita, masikimu a ntchito, mafaelo a aphunzitsi ndi ziphaso zao za Teaching Council of Zambia. Ntchito yosonkhanitsa zonsezi anamupatsa mtsikanayu. Chifukwa chake? Ndiye anali ndi foni yabwino, komanso watsopano sakana.

Apa ndi pamene anaphunzira zimene ku koleji sanamuuze. Pofananitsa malejisita a zaka zitatu anapeza maina a atsikana amene anangozimirira pakati pa temu, popanda wolemba chifukwa. Anatenga njinga n'kuyamba kuyenda m'midzi. Awiri anawapeza ali ndi makanda kumbuyo, ndipo makolo ao sankadziwa n'komwe kuti kuchokera mu 1997 dziko lino limalola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka. Mmodzi anabwerera. Poika sikimu pambali pa silabasi anaona kuti masamu atsalira pafupifupi temu yathunthu, koma m'buku munalembedwa kuti zonse zaphunzitsidwa. Anazindikiranso, ndipo anavomera yekha, kuti mapulani ake omwe a phunziro anali okongola pa pepala chabe. Anayamba kukhala kumbuyo kwa kalasi ya mayi wina wachikulire amene waphunzitsa zaka zambiri, kuona mmene amagwirira ana odzaza mpaka pakhomo popanda kukweza mau. Oyendera atabwera koyamba anaikana sukulu chifukwa cha chitseko cha chipinda cha mayeso. Makolo anasonkha, chitseko chachitsulo chinaikidwa, ulendo wachiwiri nambala inatuluka.

Manje mvetserani bwino, chifukwa a chipani cholamula adzathamangira kunena kuti mwaona, zinthu zikuyenda. Ayi. Mtsikanayu wakula pa ntchito mwamwai, komanso ndi ndalama za m'thumba mwake. Mabando a intaneti anagula yekha. Kukafotokopa mafomu ku Chipata anadzilipirira yekha, pa mseu uja wa Chipata-Vubwi umene tonse timaudziwa ndi msana. Anzake amene analembedwa naye tsiku limodzi, amene sukulu zao sizinali kufuna nambala, mpaka lero sanakhalepo ndi munthu woonerera phunziro lao n'kuwauza pokonza.

Pa pepala zonse zilipo. Lamulo la ntchito ya uphunzitsi la 2013 linakhazikitsa Teaching Council, ndipo mphunzitsi amalipira kuti akhale ndi chiphaso. Ilipo ndondomeko ya SPRINT yoti aphunzitsi aziphunzitsana pa sukulu temu iliyonse, alipo malo othandizira aphunzitsi m'mazoni. Koma funsani mphunzitsi wa kwanuko kuti oyendera masukulu anafika liti komaliza kudzamuthandiza, osati kudzawerenga madesiki. Yankho mudzalimva nokha. Maphunziro aulere atayamba mu Januwale 2022 makalasi anasefukira. Mu 2025 abweretsanso kalikulamu yatsopano, Fomu 1 yalowa, ndipo munthu amene akuyenera kuinyamula pamutu ndi yemwe uja amene palibe anamulera pa ntchito.

A Douglas Syakalima, nduna ya maphunziro, kulemba anthu ntchito kumatha tsiku limodzi. Kuwasandutsa aphunzitsi kumafuna mafuta m'galimoto ya oyendera masukulu, mphunzitsi wamkulu wopatsidwa nthawi yolera watsopano, ndi nyumba yogona pafupi ndi sukulu. Munatiuza kuti CDF inafika pa K36.1 miliyoni mu 2025. Chabwino. Nanga bwanji chitseko chachitsulo chigulidwe ndi ndalama za soya za makolo? Kapena vuto lake n'lakuti chitseko sichidulidwa riboni pamaso pa makamera?

Ena m'makomenti munena kuti nanga akale aja anachita chiyani. Nenani. Koma mwana wolemba mayeso chaka chino sapeza malikisi pa mkangano umenewo, ndipo amene ali ndi makiyi a thumba la boma lero ndi amene tikuwafunsa.

Chimene chikutiwawa kwenikweni ndi ichi. Mtsikana uja akugonabe m'kachipinda kalendi kumudzi, ndipo ntchito yonse anagwira ija siinalembedwe paliponse pamene ingamuthandize kukwezedwa. Walemba kale kalata yopempha kusamukira ku tauni. Akapita, Vubwi idzakhala itaphika, odya ndi a ku Chipata, ife n'kulandiranso wina watsopano woyambira pa ziro.

Pa msonkhano wa PTA ukubwerawu, komanso ku komiti ya chitukuko ya wadi yanu, imirirani mufunse kuti aphunzitsi amene anabwera kuchokera mu 2022 atsala angati, ndani akuwalera pa ntchito, ndipo nyumba zao zili pa nambala yanji pa mndandanda wa CDF. Zimene akuyankheni mutilembere pansipa, dzina la mphunzitsi musatchule.