Mpeni sufika kumene nthenda yafika

Yamveka mbiri, makamaka m'mabanja amene anasonkha chuma natumiza odwala awo ku India kapena ku South Africa, yakuti dokotala amene apeza khansa ya kapamba itafalikira kuchiwindi, nayamba ndi mankhwala a chemotherapy m'malo mwa opaleshoni, angofuna kudyerapo ndalama pamene m'bale wawo alikutha. Ife tikana mawu amenewa, ngakhale tidziwa chisoni chimene chawabala.

Magazi ochokera ku kapamba amayamba adzera m'chiwindi asanabwerere kumtima. Chotero zotupa zikaoneka m'chiwindimo, ndiye kuti mbewu za nthendayo zayenda kale ndi magazi, zina mwa izo zazing'ono kwakuti ngakhale makina a CT scan saziona, ndipo mpeni uchotsa chokhacho chimene diso laona. Komanso opaleshoni ya kapamba imene dokotala Allen Whipple anaifotokoza ku New York m'chaka cha 1935 si ntchito yamasewera, pakuti imachotsa mutu wa kapamba, ndulu ndi chigawo cha matumbo, nimgoneka munthu masabata ambiri wosakhoza kulandira mankhwala, pamene nthenda ili kukula osapuma. Akulu anati kuthamanga si kufika.

Mankhwalawo sitiwatama mopitirira muyeso. Pa kafukufuku wa ku France amene anafalitsidwa mu 2011, theka la odwala olandira mankhwala a chemotherapy otchedwa FOLFIRINOX anakhala ndi moyo kupitirira miyezi 11, pamene theka la olandira mankhwala ena otchedwa gemcitabine okha sanakwanitse miyezi 7. Ndi miyezi yowerengeka ndithu, yolipiridwa ndi nseru, kutsekula m'mimba ndi dzanzi kunsonga za zala. Koma ndani mwa ife angaipeputse, ngati m'miyezi imeneyo bambo aona mwana wake akulowa m'banja?

Mankhwalawo amaululanso khalidwe la nthendayo. Patapita miyezi, madokotala amajambulanso ndi kuyeza chizindikiro cha khansayo chotchedwa CA 19-9 m'magazi, ndipo ochepa okha amene zotupa zawo za m'chiwindi zafota kapena kuzimiririka ndiwo amene zipatala zazikulu, monga za ku Heidelberg ndi Verona, zimawaganizira za opaleshoni. Amene nthenda yawo yakulabe amapulumuka ku bala limene silikanawapindulira kanthu.

Inu osamalira odwala, musamchotse m'bale wanu pa mankhwala chifukwa cha mphekesera. Pitani kwa dokotala wake, mumufunse poyera cholinga cha mankhwalawo, tsiku lojambulanso, ndi thandizo lothetsa ululu limene wodwalayo ayenera kulandira kuyambira lero.