Mlendo pa Likoma Asaweruze Nyama ndi Maso Okha

Chaka ndi chaka Boma limatumiza aphunzitsi, anamwino ndi apolisi kukagwira ntchito pa chilumba cha Likoma. Ambiri mwa iwo anakulira kumtunda, ndipo madzi akuya amayamba kuwaona ali m'sitima ya Ilala. Tsono zimene maso awo aona m'masiku oyambawo ndi zimene amazisunga mumtima, ndipo apa ndi pamene pagona ngozi.

Taonani ng'azi. Mlendo akaipeza ikuothera dzuwa pamwala, mchira uli tantha, lilime lamphanda likutuluka, amakuwa kuti waona mwana wa ng'ona, natola miyala. Chonsecho ng'azi imathawa munthu, ndiponso imafukula mazira a ng'ona n'kudya. Woipha wathandiza ng'ona kuswana. Nkhungu nazo zikamakwera panyanja ngati utsi wa moto wolusa zimadzidzimutsa alendo, pamene eni nyanja amangozikola ndi madengu kuti ikhale ndiwo.

Koma choopsa chenicheni sichiopseza maso. Ng'ona imakhala duu m'bango ngati chipika, maso ndi mphuno zokha zili pamwamba, ndipo imakonda kusaka chakumadzulo ndi mbandakucha, nthawi yomwe amayi amatsuka mbale padooko. Pa Likoma ng'ona sizichuluka monga ku Shire. N'chifukwa chake munthu amene wasambira sabata yathunthu osaona kanthu amayamba kuuza anzake kuti kulibe. Iyeyo ndiye amatidetsa nkhawa kuposa wamantha uja.

Mvuu nayo imapusitsa. Ikayasamula, osadziwa amati ili ndi tulo, pamene iyo ikuonetsa mano kuti musayandikire. Mu May 2023 ku Nsanje mvuu inagubuduza bwato la anthu 37 pa mtsinje wa Shire. Mwana wa chaka chimodzi anamwalira, ena 23 anasowa m'madzi. Oyenda pabwato kupita ku Cóbuè kapena kumathiriro a mitsinje ya kumtunda asaiwale zimenezi.

Safunsa adadya phula. Setifiketi ya kusukulu siuza munthu gombe loyenera kusambapo. Amadziwa ndi asodzi okalamba, amene ena mwa ife, tinene chilungamo, timawaderera chifukwa sanapite patali ndi maphunziro. Tikupempha apampando a nthambi ndi akuluakulu a maofesi kuti wantchito watsopano akangotsika sitima azimutengera kwa amfumu ndi kwa asodzi, amusonyeze madooko abwino ndi oipa, iye ndi ana ake omwe, asanapite kukasamba koyamba.