Kalata kwa Mkonzi: Mlembi wanu wawerengera mbali imodzi

A Mkonzi,

Ndawerenga nkhani yanu yonena kuti kukakamiza makampani a inshuwalansi kulipira chithandizo cha kusabereka kungakweze ndalama zomwe aliyense amasonkha pamwezi. Mlembi wanuyo wawerengera mbali imodzi yokha.

Ku America, chigawo cha Massachusetts chinakhazikitsa lamulo lotere mu 1987, ndipo makampani a inshuwalansi kumeneko akuchitabe malonda mpaka lero. Chomwe mlembiyo sanatchule ndi ichi: banja lodzilipirira lokha chithandizo cha kusabereka chotchedwa IVF limatha kuumiriza dokotala kuika miluza iwiri kapena itatu nthawi imodzi, poti ndalama yobwerezera palibe. Mapeto ake amatha kukhala mapasa obadwa masiku asanakwane, ogonekedwa m'chipatala masabata ambirimbiri. Bilu imeneyo amalipira ndani? Inshuwalansi yomweyo! Kafukufuku wofalitsidwa mu New England Journal of Medicine mu 2002 anapeza kuti m'zigawo zokhala ndi lamuloli madokotala amaika miluza yocheperapo.

Bungwe la WHO linanena mu 2023 kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu 6 aliwonse amakumana ndi vuto la kusabereka pa moyo wake. Anthu ochuluka chonchi tingawauze bwanji kuti adzionere okha, chonsecho nawonso amasonkha mwezi ndi mwezi kulipirira uchembere wa anzawo?

Mlembi wanuyo awerengerenso, a Mkonzi.

Ine wowerenga wanu,
Blantyre